Ndemanga yanga pa Nintendo Switch OLED nditaigwiritsa ntchito kwa chaka ndi theka

Ndinagula Nintendo Switch OLED nditatopa ndi kulimbirana TV ndi ana madzulo alionse, ndipo popeza tsopano patha chaka ndi theka ndikusewerapo pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zimene ndapeza kuti amene akuganiza zogula adziwe bwino chimene akulipirira. Chipangizo chosewerera magemu chimenechi, chimene mungachigwire m'manja kapena kuchilumikiza ku TV, chinatuluka mu Okutobala 2021, patadutsa zaka zinayi ndi theka chitulukire Switch yoyamba ya mu Malichi 2017. Mlamu wanga ali ndi yoyambayo, choncho ndakhala ndi mwayi woziika pambali n'kuziyerekezera ndi maso anga.

Chimene munthu akugula pa Switch imeneyi ndi sikirini basi. Ndi ya mainchi 7, pamene yakale ija ndi ya mainchi 6.2, koma kukula kwake si nkhani yaikulu. Kusiyana kwenikweni kuli pa mmene imaonetsera mdima. Sikirini yakale ili ndi nyale kumbuyo imene imayaka nthawi zonse, moti malo akuda amaoneka otuwa ngati kuli kachifunga. Pa OLED kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo pamene pakufunika kuda, kadonthoko kamangozima. Ndinazimvetsa bwino zimenezi usiku wina ndikusewera The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom, gemu ya mu 2023, nditatsikira kudziko la pansi kumene kuli mdima wandiweyani. Ndinali nditazimitsa magetsi m'chipinda, ndipo malire a sikirini sankaoneka n'komwe. Chimene ndinkaona ndi kuwala kwa kambewu kamene ndinaponya patsogolo kuti kandiunikire njira, kwina konse kuli bii. M'mawa mwake ndinapita pamalo omwewo pa Switch ya mlamu wanga, koma mantha amene ndinali nawo usiku uja sanabwerenso, chifukwa mdimawo unali wosuluka.

Pali anthu ambiri okonda magemu amene amanyoza Switch ponena kuti ndi yofooka poiyerekezera ndi PlayStation 5 kapena Xbox, ndipo pa nkhani ya mphamvu sakunama. M'kati mwa OLED muli purosesa ya Nvidia ya mtundu womwewo umene uli mu Switch wamba, zithunzi zake ndi 720p mukaigwira m'manja ndiponso 1080p mukailumikiza ku TV. Amene amasewera pa TV nthawi zonse sadzaona kusintha kulikonse, ndipo munthu wotero ndingamulangize kuti asunge ndalama zake. Komabe ine sindigwirizana ndi maganizo akuti gemu yokoma ndi imene imaonetsa thukuta ndi tsitsi lililonse la munthu. Magemu a Nintendo amajambulidwa ngati makatuni, ndi mitundu yowala kwambiri, ndipo zojambula zoterezi ndi zimene zimakongola pa sikirini imeneyi kuposa zina zonse.

Chotsamiritsa chakumbuyo anachikonza bwino kwambiri. Pa yakale panali kapulasitiki kopyapyala kumbali imodzi, kamene kankachititsa chipangizo chonse kugwa munthu akangogunda tebulo, koma tsopano n'chotambalala kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndipo mumachipendeketsa mmene mukufunira. Ife timachiimika patebulo, n'kusolola ma Joy-Con, tizigawo tiwiri ta m'mbali tokhala ndi mabatani osewerera, wina chake wina chake, n'kuyamba mpikisano wa Mario Kart 8 Deluxe. Kwa mwana Joy-Con imodzi imakwanira bwino m'manja, koma kwa munthu wamkulu wa zala zikuluzikulu ngati ine, mabatani ake ndi aang'ono, moti tikamaliza mipikisano inayi zala zimakhala zitauma. Ana amati ndimanamizira mabatani ndikagonja, ndipo mwina penapake akunena zoona.

Batire amati imakhala maola 4.5 mpaka 9 malingana ndi gemu imene mukusewera, ndipo zimenezi zikufanana ndi zimene ndaona. Magemu akuluakulu ngati Zelda amaimaliza msanga, pamene timagemu tating'ono timatha tsiku lonse la ulendo osatchaja.

Malo osungira zinthu ndi 64 GB, kuwirikiza kawiri a Switch yakale, koma amadzaza mofulumira ngati mumakonda kudawuniloda magemu m'malo mogula timakhadi take. Zelda ija yokha imadya pafupifupi 16 GB. Memori khadi ya microSD ndi yofunika, ndipo apa ndi pamene ndinapsa. Ndinagula khadi yotchipa kwa wogulitsa wina pa intaneti, yolembedwa 512 GB, ndipo poyamba inkaoneka yabwinobwino. Patapita milungu iwiri magemu anayamba kukana kutseguka, ndipo nditaiyeza pa kompyuta ndinapeza kuti inali yachinyengo, malo ake enieni anali ochepa kwambiri kuposa zimene analemba. Vuto silinali la Switch ayi. Mwayi wake, pamene munthu wafika mu gemu pamasungidwa m'chipangizo momwemo osati pa khadi, choncho sindinayambirenso pachiyambi. Ndinangotaya masiku awiri ndikudawunilodanso zonse. Za timakhadi ta magemu tija, anatipaka mankhwala owawa kwambiri n'cholinga choti ana asamatimeze, ndipo mwana wanga wamng'ono anatsimikizira yekha zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Kwa okonda anime, pa Switch pali Crunchyroll ndi YouTube, ndipo ndaonera makatuni ambiri a ku Japan nditagona chagada, mahedifoni a Bluetooth ali m'makutu. Mitundu yake imatuluka bwino kuposa pa foni yanga, makamaka zochitika za usiku. Netflix palibe, choncho amene akufuna chipangizo choonerapo mafilimu ndi masewero a pa TV asachiyese tabuleti. Kusewera ndi anthu ena pa intaneti, pa magemu ambiri, kumafunanso kulipira Nintendo Switch Online, ndipo ndi bwino kuwerengeratu ndalama imeneyi musanagule.

Popeza Switch 2 inatuluka mu Juni 2025, anzanga angapo andifunsa ngati ndisinthe. Pakali pano sindikufulumira, chifukwa yatsopanoyo ngakhale ili ndi mphamvu zambiri, inabwera ndi sikirini ya LCD, yokhala ndi nyale kumbuyo ngati ya Switch yakale ija, ndipo ine ndazolowera kale mdima weniweni wa OLED. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha mabatani aang'ono aja ndi malo osungira ochepa.