Ulendo wa ku Lourdes: nyenyezi 3, koma ziwirizo si za kampaniyi

Ndadikira masabata awiri kuti mtima ukhale kaye pansi ndisanalembe, koma ayi ndithu, nkhani ya mkulu wotiperekeza uja ikundiwawabe. Ndinapita ndi amayi anga pa ulendo wa masiku 4 wa ku Lourdes, malo oyera a Akatolika ku France, umene unkalengezedwa pa WhatsApp ya kutchalitchi kwathu kuno ku Leeds ku England, mtengo wake si ndalama yamasewera. Ndege inali bwino, hotela yaukhondo, chakudya chopanda mchere ngati cha kuchipatala koma zimenezo tizisiye.

Choyamba, pogulitsa ulendowu anatiuza kuti tikaona thupi la Bernadette Woyera, mtsikana amene Amayi Maria anamuonekera m'phanga la ku Lourdes. Tafika uko tikufunsa, akuti aaa thupilo lili ku Nevers, mzinda wina kutali kwambiri ndi Lourdes. Ndiye munkatiuziranji? Amayi anangoti zii, ine ndi amene ndinapsa mtima.

Tsiku lachiwiri mkulu wotiperekeza uja anatithamangitsa ngati mbuzi, ku Moulin de Boly komwe Bernadette anabadwira tinangokhalako mphindi zochepa, ku Le Cachot, kachipinda ka ndende yakale komwe banja lonse linkagona umphawi utawapanikiza, sanatilole ngakhale kumaliza Tikuoneni Maria mmodzi. Kuthamanga konseko kumathamangira kusitolo ya mnzake! Maola awiri athunthu tili m'sitolo, iye akutinyengerera kuti tigule timabotolo tija tooneka ngati Amayi Maria, ati madzi a kuphanga amayenera kutungidwira m'menemo. Bodza lenileni. Madziwo ndi aulere, mipopi ili mbwee pafupi ndi phanga, ena tinawaona akutungira m'zigubu wamba. Ndipo potuluka ndinamuona ndi maso angawa akunong'onezana ndi mwini sitolo kuseri kwa kauntala, musandiuze kuti ankapemphera.

Tsono chimene chandilembetsa ndi ichi. Amayi miyendo imawavuta, ndinalemba pa fomu, ndinaimbanso foni kawiri, anandilonjeza wilutcheya ya mdipiti wa makandulo umene umayamba 9 koloko usiku. Mdipiti umenewu ndi womwe amayi akhala akuulota zaka zonsezi. Hafu pasiti 8 yakwana, wilutcheya palibe, mkulu uja palibe, foni ikungoitana. Anzathu a m'gulu anatsogola. Ife tinayenda pang'onopang'ono mpaka pachipata cha Saint-Joseph, pamenepo amayi anakhala pansi pambali pa msewu, kandulo yawo ili m'manja yosayatsa, n'kundiuza kuti "Mwana wanga, pita wekha, ine ndizimvera pompano." Ine misozi lengelenge, mumtima ndikutukwana munthu pamalo oyera, Mulungu andikhululukire.

Kenako kunabwera kamtsikana kena ka anthu ongodzipereka aja othandiza odwala. Chingerezi sankachidziwa, anangoloza miyendo ya amayi, n'kuthamanga, posakhalitsa uyo akubwera ndi wilutcheya. Anawakankha yekha mpaka kutsogolo komwe amaika odwala. Kolona ikunenedwa m'zinenero zosiyanasiyana, ikafika nyimbo pa Ave Maria paja aliyense kukweza kandulo m'mwamba, bwalo lonse la kutsogolo kwa tchalitchi cha Kolona kuli ngwee. Amayi ankayankha m'Chichewa mokweza osaopa munthu. Titamaliza mtsikanayo anatifikitsanso kuphanga la Massabielle, komwe Amayi Maria anaonekera kwa Bernadette ka 18 m'chaka cha 1858, iye ali ndi zaka 14 zokha. Thanthwe lake lachita kusalala ndi manja a anthu, lozizira, lonyowa pang'ono, ndipo kasupe uja amaoneka pansi pa galasi. Kunali zii, mtsinje wa Gave wokha ukumveka kumbuyo kwathu. Ndinayesa kumupatsa kangachepe mtsikanayo, anakana, anangowagwira dzanja amayi n'kumapita.

Mkulu uja anatulukira m'mawa pa tiyi, akuti foni inathera moto. Kupepesa anapepesa, ndisaname, ndipo tsiku lomaliza anawakankha yekha amayi kupita ku Misa m'tchalitchi chachikulu cha pansi pa nthaka chija cha Pius X, thukuta kamukamu. Anatikwezanso kasitima kokwera phiri la Pic du Jer, pamwamba pake tawuni yonse ndi mapiri a Pyrénées kuoneka bwinobwino. Amayi akuti ndimukhululukire, ati mwina ndi mwana wa munthu wosauka. Chabwino, ndamva, nyenyezi imodziyo ndi yake. Ziwirizo ndi za kamtsikana kaja.

Ndalama ya wilutcheya imene anandilipiritsa padera ndalemba maimelo atatu, mpaka lero sanandibwezere.