Njinga yamoto ya matayala atatu m'chisanu cha ku Mzuzu: ndemanga ya mwini wake

Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera mamita opitirira 1,200, chakumpoto kwa mapiri a Viphya, ndipo kukwera kumeneku kumamveka m'thupi mwa aliyense amene amalawirira ku ntchito. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumazizira kwambiri, moti mu Juni ndi Julayi si zachilendo kuti m'mamawa kuzizire mpaka pansi pa madigiri 10, chifunga chitakuta zigwa ndiponso mvula yamawawa ikunyowetsa chilichonse. Mvula ya dzinja nayo imachedwa kuleka poyerekeza ndi ku Lilongwe, chifukwa mu Epulo imakhala ikadagwa mwamphamvu. Chokwera cha tsiku ndi tsiku mumzinda ngati uno chiyenera kumfikitsa munthu ku ntchito ali wouma, zala zake zikutha kugwira cholembera. Njinga yamoto ya matayala atatu, imene ambiri amangoitcha bajaji, imachita zimenezi bwino kuposa njinga yamoto wamba, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yoyenera kugula, pokhapokha wogulayo atadziwa malire ake asanatulutse ndalama.

Yanga ndi yamtundu wonyamula anthu. Ili ndi mpando wa woyendetsa kutsogolo, mpando wa anthu atatu kumbuyo, denga la tenti, ndi injini ya petulo ya pafupifupi 200cc imene ili kumbuyo kwenikweni. Magiya opita kutsogolo ndi anayi, ndipo ilinso ndi giya yobwerera m'mbuyo. Sindinaigulire bizinesi yonyamula anthu, koma kupitira ku ntchito kuchokera ku Mchengautuwa, kudzera pa Katoto n'kutsata msewu wa M1 mpaka ku Luwinga, ulendo umene uli ndi kamsewu kafumbi, zitunda, phula la maenje ndi msewu waukulu wodutsa malole. Njinga zamtunduwu zinayambira ku Italy, kumene kampani ya Piaggio inatulutsa Ape mu 1948, koma zinafala kwambiri ku India, kumene makampani monga Bajaj Auto ndi TVS amapanga zambiri mwa zimene zikuyenda mu Africa muno. Mbiri imeneyi ikufotokoza chifukwa chake m'mbali mwake ndi mosatseka ndipo mulibe chotenthetsera: anaipangira mizinda yotentha, kumene wokwera amafuna mthunzi ndi kamphepo.

Ngakhale zili choncho, denga ndi galasi lakutsogolo ndi zimene zimaipatsa mtengo wake kuno. Pa njinga yamoto ya matayala awiri, chimene chimamuzunza munthu m'mwezi wa Juni ndi mphepo imene amadzipangira yekha akamathamanga, chifukwa imamenya pachifuwa ndi kumaso, n'kumachotsa kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mmene thupi lingakubwezeretsere. Zovala zikangonyowa ndi mawawa, kuzizirako kumawirikiza, ndipo jekete lochindikala bwanji silithandizanso. Ndikakumana ndi anyamata a kabaza pa Katoto isanakwane 7 koloko, atavala majekete awiri ndi zipewa kunsi kwa zisoti, mapewa atakwezeka chifukwa cha chisanu, ndimamvetsa kukula kwa ntchito imene galasi langa likugwira. Ine ndimavala juzi imodzi ndi jekete wamba, ndipo malaya a ku ofesi amafika osanyowa ngakhale kutawawa ulendo wonse. Mabuku, chikwama cha kompyuta ndi thumba la ufa pobwerera madzulo zimakhala pa mpando wakumbuyo popanda kuzikulunga m'mapulasitiki. Kwa munthu amene ntchito yake imafuna kuti aoneke bwino pofika, phindu limeneli ndi lalikulu kwambiri.

Mphepo ya m'mbali ndiyo imafunika kuithetsa wekha. Anthu osoka matenti ndi mipando ya galimoto amatha kusoka zotchinga za m'mbali zokhala ndi mawindo apulasitiki, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asokeretu Meyi asanafike. Zakumbuyo zikhoza kutsekedwa zonse, koma zapafupi ndi woyendetsa ziyenera kusiya mpata woonera magalasi a m'mbali, chifukwa pulasitiki ikakalamba imachita chikasu ndi kukalika, moti chifunga chikawonjezerapo munthu saonanso njinga yakapalasa imene ili pambali pake. Mawondo ndi akakolo amazizidwabe, makamaka potsetsereka, ndipo masokosi ochindikala ndi ofunika kuposa mmene munthu angaganizire.

Zala ndi nkhani ina. Magiya amasinthidwa ndi dzanja lamanzere, pokoka kilatchi n'kupotokola chogwirira chonse, ndipo m'tauni dzanja limeneli silipuma. Magolovesi ochindikala kwambiri amachititsa kuti munthu asamve pamene giya yalowa, pamene manja opanda kanthu amauma ndi chisanu usanafike n'komwe pa msewu wa phula. Amene andikomera ndi achikopa chopyapyala okhala ndi nsalu yofunda m'kati. Makebulo a magiya ndi a kilatchi nawo sagwirizana ndi chinyontho cha kuno, chifukwa madzi akalowamo amachita dzimbiri, giya n'kuyamba kulimba kapena kulumpha, choncho amafunika kuwathira oyilo kawirikawiri ndi kuyenda ndi kebulo yapadera m'kabokosi ka zipangizo.

Kuliza injini m'mamawa wa mu Julayi kumafuna dongosolo. Njingayi ikagona panja, mame amakhala atadzaza pa tenti ndi pa mpando, oyilo atalimba, ndipo batire limakhala lofooka pa nthawi imene injini ikufuna mphamvu yochuluka kuti itembenuke. Ndimatsegula mafuta, n'kukoka tchoko, kachipangizo kothandiza injini yozizira kulira, kenaka n'kuliza popanda kupotokola moto. Ikalira imayamba ndi kunjenjemera, ikutulutsa nthunzi yoyera kumbuyo, ndipo ndimaisiya mpaka kulira kwake kutakhazikika, ndikupukuta galasi ndi kuyang'ana mpweya wa m'matayala, ndisanabweze tchoko. Kunyamuka injini isanatenthe kumachititsa kuti izime pa chitunda choyamba, komanso kumadya zitsulo za m'kati chifukwa oyilo amakhala asanafike paliponse. Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi chogwirira cholizira ndi dzanja chimene chili pambali pa mpando wa woyendetsa, chifukwa tsiku limene batire lalephera munthu sadikira wina woti amukankhe. Pulagi yatsopano kumayambiriro kwa nyengo yozizira, ndi kakhumbi koti njinga izigonamo, zimachepetsa mavuto ambiri a m'mawa.

M'chifunga, zofooka zake zimaonekera poyera. Galasi limachita nthunzi m'kati chifukwa cha mpweya wa woyendetsa, ndipo popeza mulibe chouzira mpweya wotentha, kansalu kouma kayenera kukhala pafupi ndi dzanja nthawi zonse. Waipa ndi imodzi, ndipo imapukuta bwino mvula yeniyeni koma mawawa osakanikirana ndi matope othovoka ku matayala a minibasi imangowapaka. Nyali zake zimakwanira m'misewu ya m'tauni, koma zakumbuyo ndi zazing'ono ndiponso zili pansi, pamene pa M1 pamadutsa malole ndi mathanki a mafuta ochokera ku Tanzania amene sangaime msanga. Ine ndinamata zonyezimira zazikulu kumbuyo konse, ndipo ndimayatsa nyali ngakhale kutacha. Lole ikamadutsa, mphepo yake imakankha tenti n'kuigwedeza njinga yonse, choncho ndimagwira chiwongolero ndi manja onse, n'kupatuka pang'ono kumene mphepete mwa msewu mukulola.

Chinthu chofunika kwambiri kuchimvetsa ndi makhalidwe ake pokhota. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala lachitatu limathetsa nkhani ya kugwa, ndipo pamsewu woterera woongoka zimenezi n'zoona, chifukwa pamene wa matayala awiri akuponda pansi ndi mapazi, iyi imangoyenda. Koma njinga ya matayala awiri imapendekera m'kati mwa kona, pamene iyi singathe kutero. Kulemera kwake konse kumakankhikira kunja kwa kona, kumene kutsogolo kulibe tayala loti likulandire, ndipo liwiro likachuluka tayala lakumbuyo la m'kati limanyamuka pansi. Woyendetsa amayamba kumva mpando ukupepuka mbali imodzi, ndipo akaponda buleki mwadzidzidzi ali m'kati mwa kona, amangowonjezera vutolo. Lamulo limene ndimatsata pozungulira pa Katoto ndi pa makona onse otsetsereka ndi lakuti liwiro lichepe kona isanayambe, giya itsike, ndipo thupi litsamire pang'ono m'kati. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi ndiponso pakati, osati pa denga. Munthu amene anazolowera njinga yamoto wamba ndiye ali pangozi kwambiri masiku oyamba, chifukwa thupi lake limayembekezera kuti njinga ipendekeka, choncho ndi bwino kuyamba waphunzirira pa bwalo lopanda magalimoto.

Maenje nawo amavuta mwanjira yakeyake. Galimoto imatha kuika dzenje pakati pa matayala, njinga ya matayala awiri imalilambalala, koma iyi imaponda mizere itatu, moti ukapulumutsa tayala lakutsogolo, limodzi lakumbuyo limagweramo. Matayala ake ndi ang'onoang'ono, a mainchesi 8, ndipo amalowa m'dzenje limene tayala la galimoto likanangodutsa pamwamba. M'miyezi ya mvula, pamene maenje adzaza madzi ndipo kuya kwake sikuoneka, msana wa woyendetsa ndi mashoko ndi amene amalipira.

M'matope imachita bwino kuposa mmene maonekedwe ake amasonyezera, popeza injini ili pamwamba pa matayala amene amakoka, ndipo kulemera kumeneko kumawathandiza kugwira pansi. Vuto limabwera pa dothi la katondo, limene likanyowa limaterera ngati therere. Pamenepo tayala lakutsogolo, limene ndi lopepuka, limangoseseleka osamvera chiwongolero, ndipo tayala limodzi lakumbuyo likalowa poterera, difu, chipangizo chogawira mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo, imapereka mphamvu yonse kwa ilo, linalo n'kungokhala. Ikatitimira, giya yobwerera m'mbuyo ndi anthu awiri okankha amakwanira kuitulutsa, chimene sichitheka ndi galimoto. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka, kotero misewu yokumbika ndi madzi iyenera kudutsidwa mosamala, ndipo ukawoloka chithaphwi mabuleki amafooka kwa kanthawi mpaka utawaponda pang'onopang'ono kuti aume. Matope osiyidwa kunsi amasunga chinyontho n'kudya chitsulo cha pansi, choncho kutsuka kunsi n'kofunika kuposa kupukuta pamwamba.

Za chilimwe palibe zambiri zonena. Kuyambira mu Seputembala mpaka mu Novembala ndimachotsa zotchinga za m'mbali, ndipo ntchito imene imatsala ndi kutsuka sefa ya mpweya pafupipafupi, chifukwa injini yokhala kumbuyo imameza fumbi limene matayala autsa.

Pa nkhani ya mafuta, imamwa kuposa njinga ya matayala awiri koma imachepetsa kwambiri poyerekeza ndi galimoto yaing'ono, ndipo thanki yake ya malita pafupifupi 8 imakwanira maulendo a m'tauni kwa masiku angapo. M'nyengo za kusowa kwa mafuta zimene takhala tikudutsamo kuyambira mu 2022, kuchepa kwa thanki kwakhala ndi mbali ziwiri: sikufuna ndalama zambiri podzaza, koma kumakubwezera pa mzere msanga. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho, choncho kumalo a chifunga ngati kuno si bwino kusiya njinga nthawi yaitali thanki ili pafupi kuuma. Zipangizo zonse zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zing'onozing'ono monga mapulagi, makebulo ndi mababu sizivuta kupeza, ndipo amakaniko a njinga zamoto amaidziwa injini yake, koma za m'kati mwa giyabokosi ndi difu nthawi zina zimafunika kuitanitsa ku Lilongwe n'kudikira. Pa bajeti payeneranso kukhala ndalama zolembetsera ku Road Traffic, za inshuwalansi ndi za laisensi yoyenera, zimene ena amaziiwala powerengera mtengo.

Amene ingawakomere kwambiri ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi ndi eni mashopu okhala m'madera monga Chibavi, Katawa, Luwinga kapena Chiputula, amene ulendo wawo ndi wa m'tauni ndipo gawo lalikulu ndi la phula. Sindingailimbikitse kwa munthu wokhala pa zitunda zotsetsereka za ku Masasa kumene msewu wake ndi wa dothi, chifukwa m'dzinja adzaisiya kwa anansi a kumsewu masiku ambiri. Sindingaiyendetsenso tsiku ndi tsiku kuchokera ku Ekwendeni, ndipo matsitso okhotakhota a msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay kapena chifunga cha ku Chikangawa ndi malo a galimoto, popeza liwiro la njingayi silipitirira kwenikweni makilomita 60 pa ola ndipo pa chitunda, itanyamula, imatsikira pa giya yachiwiri magalimoto atandandana kumbuyo.

Wofuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito apemphe kukaiona m'mamawa, makamaka mu Juni kapena Julayi, ndipo ayambe wakhudza injini ndi dzanja kuti atsimikize kuti wogulitsa sanaitenthetseretu. Aone ngati ikulira mosavuta ndi batire komanso ndi chogwirira cha pamanja, ndipo ayang'ane mtundu wa utsi, chifukwa nthunzi yoyera imene ikutha injini ikatentha ilibe vuto, koma utsi wabuluu wosaleka ukutanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo. Kenaka achotse mphira wa pansi pa mapazi n'kugogoda chitsulocho pofufuza dzimbiri, alowetse magiya onse kuphatikizapo yobwerera m'mbuyo, ndipo aiyendetse pa msewu woongoka atafewetsa manja pa chiwongolero, kuti aone ngati ikukokera mbali imodzi, chimene kawirikawiri chimasonyeza kuti foloko, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo, inapindika pa ngozi.