HANS III, Hybrid S kapena NecksGen: chotetezera khosi cha woyamba mpikisano wa galimoto

Galimoto ikawomba khoma ili pa liwiro, malamba amagwira chifuwa ndi mapewa, koma mutu umasowa chougwira ndipo umapitirira kutsogolo. Mutu wa munthu wamkulu pamodzi ndi helemeti umalemera makilogalamu pafupifupi 6. Pa ngozi ya mphamvu ya 40g, momwe chinthu chimakoka ngati chalemera kuwirikiza ka 40, khosi limakokedwa ngati alipachika katundu wa makilogalamu 240, zonsezo m'kuphethira kwa diso. Limene limathyoka ndi fupa la pansi pa chigaza, pamene mutu umalumikizana ndi msana. Kuvulala kumeneku n'kumene kunapha woyendetsa wa ku America Dale Earnhardt pa mpikisano wa Daytona 500 mu February 2001, ndipo pofika October chaka chomwecho bungwe loyendetsa mipikisanoyo la NASCAR linalamula kuti woyendetsa aliyense azivala chotetezera khosi. Formula One inatsatira mu 2003. Chomvetsa chisoni n'chakuti chipangizocho chinalipo kale: Robert Hubbard wa ku Michigan State University ndi mlamu wake Jim Downing anayamba kukonza chotetezera mutu ndi khosi chotchedwa HANS m'zaka za m'ma 1980.

Kolala ya siponji ija imene ena amavala pansi pa helemeti musaiwerengere m'gulu limeneli. Imapumitsa khosi likatopa, koma siletsa mutu kuponyedwa kutsogolo.

Tiyambe ndi HANS III, chifukwa ndi yomwe tikuona kuti ndi yoyenera anthu ambiri oyamba kumene. Ili ngati goli: imakhala pamapewa, miyendo yake iwiri imatsikira pachifuwa, ndipo kumbuyo kwa khosi kuli kakhoma koimirira kamene kamagwira chingwe chopita ku helemeti mbali zonse ziwiri. Payokha simangidwa pathupi. Amaigwira ndi malamba a m'mapewa amene amadutsa pamwamba pake. Galimoto ikagunda, thupi limasunthira kutsogolo pang'ono, HANS imatsalira pamodzi ndi malamba, chingwe chimakungika, ndipo mphamvu imene ikanakoka khosi imadzera pachipumi cha helemeti n'kutsikira pachifuwa ndi m'malamba.

Kampani ya Simpson inagula dzina la HANS mu 2012, ndipo HANS III ili m'gulu la zotsika mtengo pakati pa zimene amapanga. Imaumbidwa ndi pulasitiki wolimba ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Zilipo za carbon fibre zopepuka kwambiri, koma mtengo wake ndi wokwera zedi. Apa mpamene ambiri amataya ndalama: zonse ziwiri zimapambana mayeso amodzimodzi. Wogula ya carbon walipira kupepuka, chitetezo n'chimodzimodzi. Kwa amene amathamanga maora angapo osatsika, kupepukako kumamveka. Pa mpikisano wa mphindi 20 simungamve kusiyana kwenikweni, ndipo ndalama yotsalayo ingagwire ntchito yaikulu pa malamba atsopano kapena mpando wabwino.

Chovuta cha HANS ndi chakuti imapangidwa molingana ndi kapendekedwe ka mpando. Ya madigiri 20 ndi ya galimoto wamba za denga ndi za rally, momwe munthu amakhala chowongoka ndithu. Ya madigiri 30 ndi ya galimoto za formula ndi zina zimene woyendetsa amakhala chotsamira kwambiri. Ya madigiri 10 ndi ya mipando yoimirira njo, ndipo ya 40 ndi ya amene amayendetsa chogona. Mukalakwitsa apa mudziwa msanga: mwina kakhoma ka kumbuyo kamakankha helemeti n'kukuweramitsani mutu, kapena nsonga za miyendo zimalowa pachifuwa ndipo goli lonse limagwedera. Thupi nalonso limasintha nkhaniyi. Munthu wa chifuwa chachikulu nthawi zina amakhala bwino ndi ya madigiri 30 ngakhale ali m'galimoto ya denga. Kukula kwake kumatsata khosi: yezani khosi lanu ndi tepi ya telala n'kuyerekeza ndi tchati cha kampani. Koma chiyeso chenicheni ndi kukhala mumpando wanu womwewo, mutavala suti ndi helemeti, malamba mutamanga mokoka.

Mungagule HANS yabwino bwanji, ngati malamba anaikidwa molakwika siigwira ntchito. Imafuna malamba a mpikisano, a nsonga 5 kapena 6. Malamba a m'mapewa achoke pamwamba pa HANS n'kupita kumbuyo mopingasa kapena motsika pang'ono, osapitirira madigiri 20. Akatsika kwambiri, monga amene amangidwa pansi kuseri kwa mpando, amapanikiza msana pa nthawi ya ngozi. Akakwera, sagwira golilo. Malo awiri omangira kumbuyo akhale oyandikana, chifukwa akatalikirana malamba amaterereka n'kugwera m'mbali mwa goli, ndipo izi zimachitika pa nthawi yomwe mukuwafunitsitsa. Ngati chitsulo chomangirapo chili patali ndi mpando, malambawo apingasanitseni kumbuyo. Onetsetsaninso mabowo a mpando: lamba adutse momasuka, asakhudze m'mphepete mwa bowo moti n'kupindika. Lamba wa mainchesi 2 amagona bwino pa goli kuposa wa mainchesi 3, ngakhale onse ndi ololedwa, ndipo alipo ena oonda pamapewa pokha n'kukula kumunsi. Pomanga, yambani ndi wa m'chiuno, mum'kokere pansi pa mafupa a chiuno, kenako a m'mapewa. Zitsulo zokokera zikhale pachifuwa, zisakwere kukafika m'khosi.

Helemeti nayo ikhale ya galimoto, ya chiphaso cha Snell SA2020 kapena FIA 8859-2015 kapena zatsopano kuposa apo (Snell ndi bungwe loyesa mahelemeti, FIA ndi bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse). Zimenezi zimabwera ndi mabowo a ulusi wa M6 oikidwiratu kufakitale, pomwe mumamangirapo tizitsulo togwira chingwe. Helemeti ya njinga yamoto ilibe mabowo amenewa, ndipo kuiboola nokha n'kuiononga. Sankhani chingwe choterereka, chimene chimayenda m'kakhoma ka kumbuyo mukamatembenuka. Chimakulolani kuyang'ana magalasi a m'mbali ndi kuona pokhota popanda kumva ngati mwamangidwa pamtengo.

Simpson Hybrid S ndi ya mtundu wina. Ili ndi kambale kakumsana ndi malamba akeake omanga pachifuwa, motero imagwira thupi payokha ndipo sisamala za kapendekedwe ka mpando. Ubwino wake waukulu ndi wakuti kampaniyo inaiyesa ndi lamba wamba wa nsonga 3, uja wa m'galimoto ya masiku onse. Amene amapita ku bwalo ngati Zwartkops kapena Killarney ku South Africa pa masiku oyeserera ndi galimoto yapamsewu, ngakhalenso aphunzitsi amene amatsika m'galimoto iyi n'kukwera ina tsiku lonse, imeneyi ndiyo yawo. HANS pansi pa lamba wa nsonga 3 ndi yopanda ntchito, chifukwa phewa limodzi limakhala losagwiridwa. Zingwe za Hybrid zimachoka malo awiri mbali iliyonse, ndipo zimathandiza galimoto ikagunda chammbali pang'ono, n'chifukwa chake a rally ambiri amaikonda. Koma ndi yodula kuposa HANS III, imatentha kumsana, ndipo lamba wa pachifuwa akakhala wokhwepa chipangizo chonse chimakwera. Zingwe zake zimafuna kuzikonza muli mumpando, wina akukuthandizani. Samalaninso dzina: Hybrid Sport ndi yotchipirapo, koma imafuna malamba a mpikisano.

NecksGen REV2 Lite ndi yaing'ono, ilibe miyendo yotsikira pachifuwa, ndipo kutuluka nayo m'galimoto yopanikiza n'kosavuta. Anthu amene goli limawapweteka pa mafupa a m'khosi angaikonde. Imagulitsidwa ndi chiphaso cha SFI 38.1, ndipo apa mpofunika kuwerenga malamulo musanatulutse ndalama.

Ziphaso zilipo za mabungwe awiri. SFI 38.1 ndi ya ku America, ndipo chipangizocho chimayenera kubwerera kwa opanga pa zaka 5 zilizonse kuti achiunike n'kumata sitika yatsopano, zimene ndi mtolo kwa munthu wokhala kutali ndi America. FIA 8858-2010 (kapena yakale ya 8858-2002) ndiyo imafunika pa mipikisano ya pansi pa FIA, kuphatikizapo African Rally Championship. Oyang'anira akapeza sitika yosayenera, simunyamuka. HANS III imapezeka ya SFI yokha komanso ya ziphaso zonse ziwiri, choncho funsani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha sitikayo. Ya FIA yatsopano imakhala ndi hologram, ndipo nambala yake iyenera kupezeka pa mndandanda umene FIA imaika pa webusaiti yake. Zachinyengo zotsika mtengo zilipo pa intaneti, zooneka bwino kunja.

Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chimateteza mokwanira galimoto ikagundidwa m'nthiti mwenimweni. Ntchito imeneyo ndi ya mpando wokhala ndi mapiko m'mbali mwa mutu komanso maukonde a mkati.

Wogula yakale ayang'ane ming'alu pamene miyendo imakumana ndi kakhoma ka kumbuyo, ndipo chingwe asinthe nthawi yomweyo, popeza sadziwa zimene chinadutsamo. Chingwe chimatha ndi dzuwa, thukuta ndi mafuta. Chisinthidwe pakatha zaka 5, kapena msanga ngati chayamba kutuluka ulusi, kapena pambuyo pa ngozi iliyonse yaikulu. Tsiku la mpikisano lisanafike, yeserani kutuluka m'galimoto mutavala zonse, kudzera pachitseko ndi pawindo, mbali zonse ziwiri. Kakhoma ka HANS kamakonda kukola pa chitsulo cha roll cage (chikhola cha zitsulo chotetezera m'kati mwa galimoto) cha pamwamba pa chitseko ndi pa ukonde wa pawindo. Weramitsani mutu, tulutsani phewa limodzi poyamba, ndipo bwerezani mpaka muzitha kutero mutatsinzina.