Telala wa ku Nsungwi amene watisokera zovala za mwana wosagwirizana ndi dzuwa

Ngati muli ndi mwana amene dzuwa limamupweteka ndipo mukusowa osoka zovala zomuphimba bwino, ine ndikuti pitani mzere wa matelala pa msika wa Nsungwi ku Area 25. Pali abambo ena achikulire osoka ndi makina opalasa ndi miyendo, dzina sindilemba poti sanandiuze kuti ndiwatchule, koma ntchito yawo ndiyoti munthu uyiyamikire pagulu. Zolakwika zilipo ndithu ndizinena, koma chachikulu nchoti bambowa amamva zomwe ukuwauza, samangoti "tazidziwa kale izi mayi".

Zovalazi nza mwana wa achemwali anga. Ali ndi matenda otchedwa xeroderma pigmentosum, madokotala amangoti XP. Ambiri akamva zoopa dzuwa amathamangira kunena kuti nde ndi wachialubino eti, ayi si choncho, mwanayu ndi wakuda ngati ine ndemwe. Wachialubino chimamusowa ndi melanin, uja amadetsa khungu nkulitchinga. Wa XP melanin ali naye, vuto lili mkati mwa maselo. Kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV kumaononga DNA ya pakhungu la aliyense tsiku lililonse koma thupi limakonza lokha poonongekapo, pamene kwa iyeyu kukonzako kulibe kapena nkochepa zedi nde zoonongekazo zimangounjikana mpaka kusanduka khansa. Atelalawo nditawafotokozera anangoti ooh ndiye kuti nsalu ikungong'ambika popanda oyika chigamba, ndinati basi mwamvetsa.

Ndi matenda akumtundu, amabwera pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri akakhala nako kachilemako mmagazi olo iwowo asakudwala, ndipo zikatero mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi XP ndi umodzi pa 4. Sizopatsirana, si ufiti, si kuti mayi analakwitsa kanthu ali oyembekezera, ndikunena izi chifukwa achemwali anga amva zambiri zowawa kwa anthu. Ndi osowa kwambili, ku America ndi ku Ulaya amati pafupifupi munthu mmodzi pa 1 miliyoni, ku Japan ndi kumpoto kwa Africa amapezekako mochulukirapo. Koma chimene chimatisowetsa tulo ndi khansa ija. Kwa a XP osakwana zaka 20 chiopsezo cha khansa ya pakhungu chimaposa cha anzawo ka 10,000, ndipo ambiri khansa yoyamba imawapeza ali ndi zaka ngati 9 basi. Imakonda kumaso, milomo, maso, mpaka kunsonga kwa lilime. Nde muone kuti chovala apa si nkhani ya kutchena.

Poyamba penipeni anatigoneka mtima ndi nkhani yoyeza. Nditawauza kuti mwana sangabwere ku msika masana, iwo anati palibe vuto ndibwera ndekha dzuwa likalowa, ndipo anabweradi kunyumba pa njinga madzulo ndi tepi yawo nkumuyeza mwana mkati, osaonjezera ndalama ya ulendo. Anamulankhula bwinobwino, osamuyang'anitsitsa timadontho takuda ndi toyera tili kumaso kwake tija ngati mmene ena amachitira mu minibasi.

Pa nsalu mpamene tinakhalitsa. Chitenje chopepuka ndi malaya oyera a kotoni sizitchinga mokwanira, tisheti yoyera wamba UPF yake imangokhala cha mma 5 pamene zovala zopangidwira dzuwa zimalembedwa UPF 50, kutanthauza kuti zimatchinga 98 pa 100 ya UV. Zoterozo muno mtauni kuzipeza nkovuta nde tinasankha nsalu zolukana mothithikana komanso zamtundu wakuda kapena wabuluu woderako. Atelala ankatenga nsalu iliyonse nkuyiyang'anitsa kowala, ikaonetsa timabowo amaibweza. Kumeneku si kuyeza kwa ku labu ayi koma kumathandiza kuchotsa zosayenera. Anasoka malaya amikono yaitali yofika mpaka kuseri kwa dzanja, kolala yoimirira yotseka khosi, mabatani anawabisa ndi kansalu pamwamba kuti pasakhale mpata pachifuwa, ndi thalauzi lofika pa nsapato. Misoko yake ndi yolimba, zachapidwa kambirimbiri palibe posomoka.

Chipewa nde ntchito imene ndingawapatse mamalikisi onse. Ndi chipewa cha khonde koma chili ndi nsalu yotsika kumbuyo ndi mmbali kuphimba makutu, khosi mpaka mapewa, kutsogolo kuli pulasitiki yoonekera kuti mwana aziona. Apa ndi pomwe tinasemphanako, iwo amafuna kuyika pulasitiki wamba ngati yokutira mabuku ija, amati ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi abale, pulasitiki kuoneka yolimba sizitanthauza kuti ikutchinga UV, imafunika yopangidwira zimenezo. Ife yathu anatitumizira achibale ali ku Johannesburg. Anavomera, ndipo anaisokerera mwaluso moti imachotsedwa ikakalika nkuyikapo ina osaphwasula chipewa chonse. Koma inuyo mukapita tengani yanu, musadalire yomwe ali nayo pa shopu.

China chondidandaulitsa ndi kutentha. Lilongwe wa mu Okutobala mukumudziwa, nde mwana atavala zakuda thupi lonse ndi chipewa chotseka thukuta limachita kuyenderera, pulasitiki nkuchita nthunzi. Tinabwerera nacho, anatsegula timipata tolowera mphepo kumbuyo nkutiphimba ndi nsalu yolendewera kuti dzuwa lisalowe, zinachepako koma sizinathe. Magolovesi okha ndiye anakanika, zala zinatuluka zazikulu zopotoka mwana sangagwire ngakhale pensulo, tinakagula ena pa kaunjika. Komanso tsiku lomwe akuuzani kuti mudzatenge musalikhulupirire kwenikweni makamaka sukulu zikamatsegulira, mayunifolomu amawachulukira, ife tinadikirako ndithu.

Ndisanamize munthu, zovalazi sizilowa mmalo mwa zina zonse zija. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 kapena kuposa amadzolabe pena paliponse poonekera ndi kubwereza pakatha maola awiri, magalasi a dzuwa otchinga mpaka mmbali amavalabe chifukwa maso a ana a XP amafiira ndi kuwawa msanga ndi kuwala. Ngakhale kuli mitambo UV imadutsa, pawindo la galasi wamba mbali ina ya UV imalowanso nde makatani ochindikala ndiofunika, mababu tinasintha tinaika a LED. Kukiliniki ya khungu amapita pafupipafupi kuti kachilonda kosapola kapena kachotupa kachilendo akaone kadakali kakang'ono, poti khansa ya pakhungu akaipeza msanga amaichotsa. Adokotala anakambanso za vitamini D poti mwana sakuwothera dzuwa, ndi zoti utsi wa fodya asamayandikane nawo. Ngati wanu wayamba timadontho tambiri kumaso asanakwane zaka ziwiri, kapena amapsa mpaka matuza atangokhala padzuwa pang'ono, yambani mwapita kuchipatala kaye, za telala zibwere pambuyo.

Mtengo sanatidyere masuku pamutu, malaya ndi thalauzi anatchaja ngati kusoketsa yunifolomu ya sukulu, chipewa chokha anakweza pang'ono ndipo mpake poona nthawi imene anataya pochikonza. Kwa anzathu achialubino chipewa chomwechi popanda pulasitiki ija chingawathandize bwino, atelalawo akuti patani anaisunga. Pa 5 ndikuwapatsa 4, imodziyo yapita ndi magolovesi ndi kuchedwa kuja. Tawasiyira kale nsalu ina yoti asoke yunifolomu yamikono yaitali, ulendo uno tapereka sukulu zisanayandikire kutsegulira.