Putty kapena silikoni pa sinki ya m'kalavani: chimene chimagwiradi

Sinki ya m'kalavani, galimoto kapena ngolo yokokedwa yogonamo anthu paulendo, ikayamba kudontha, anthu ambiri amathamangira kukagula plumber's putty, chomatira chofewa ngati dongo, poti ndi imene amapulamba amamatira masinki a m'nyumba. Ya kampani ya Oatey ndi imodzi mwa zodziwika. M'nyumba yokhazikika putty imagwira ntchito zaka ndi zaka, ndipo ndiyosavuta: mumaipota m'manja ngati chingwe, n'kuizunguliza kunsi kwa mlomo wa sefa (kachipangizo kokhala pabowo lotulukira madzi mu sinki), kumanga nati, basi mwatha, madzi mutha kutsegula nthawi yomweyo. Koma m'galimoto yogonamo anthu sindingaiike patsogolo. Chimene ndikuyamikira ndi silikoni weniweni, wolembedwa kuti 100%, wa mtundu wa neutral cure, umene sutulutsa asidi pouma.

Vuto la putty ndi lakuti simata. Imangodzaza mpata, ndipo chimene chimaigwira ndi kuthina kwa nati. Kalavani imagwedezeka ulendo wonse, imatentha kwambiri ikaima padzuwa, usiku n'kuzizira. Nati imamasuka pang'onopang'ono, sinki yopyapyala imapindika mukaidzaza madzi, putty imafinyikira kunja kapena kuuma n'kung'ambika. Chachiwiri, putty wamba imakhala ndi mafuta, ndipo opanga ake amachenjeza okha kuti isaikidwe pa pulasitiki kapena pa miyala ngati marble ndi granite. Masinki ambiri a m'makalavani ndi a pulasitiki wa ABS kapena acrylic, kotero chenjezo limeneli likunena za inu. Ngati sinki ndi sefa zonse zili zachitsulo chosachita dzimbiri, putty ingathandize, komabe muzikaona nati kawirikawiri.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye pamene madzi akutulukira, chifukwa nthawi zambiri mlomo wa sefa umanamiziridwa. Pukutani mapaipi onse a m'kabati aume, tsekani sinki, idzazeni madzi, mudikire mphindi 15. Kenako gunditsani tishu youma pa nati yaikulu ya pansi pa sinki. Ikanyowa, ndiye kuti chomatira chatha. Ikakhala youma koma madzi n'kuoneka pokhapokha mutatsegula kuti apite ku thanki ya madzi ogwiritsidwa ntchito kale, vuto lili pa manati a paipi yokhota ya pansi pa sinki kapena pa valavu ya HepvO, yotchinga fungo m'malo mwa paipi yokhotayo, ngati ndi imene muli nayo. Pamenepo silikoni sathandiza; pakufunika kumanga nati ndi manja kapena kusintha washala wake.

Silikoni akauma amakhala ngati labala, amagwira mbali zonse ziwiri, ndipo sinki ikapindika iye amapindika nayo. N'chifukwa chake amapirira msewu. Koma si silikoni aliyense. Amene amanunkha viniga amatulutsa asidi pouma, ndipo asidiyo amatha kudya zitsulo ngati kopa ndi brasi. Wa neutral cure alibe vuto limeneli. Sankhani wa kukhitchini ndi kubafa, amene salola nkhungu kumera msanga. Kachubu kakang'ono kofinya ndi dzanja n'kokwanira, popeza ntchito yonse simaliza ngakhale theka lake. Zomatira denga la kalavani zisiyeni padenga pomwepo, sizinapangidwire sinki.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pokonza malo. Silikoni watsopano sagwira pa silikoni wakale, sagwiranso pa mafuta otsala a putty. Mukachotsa sefa, palani zakale zonse ndi kopalira ka pulasitiki, osati mpeni, chifukwa mpeni ukakanda acrylic, pokandikapo pamasanduka njira ya madzi. Tsukani ndi sopo, pukutani ndi spiriti ya isopropyl, musiye paume. Acetone, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, musayandikitse n'komwe, amasungunula ABS. Yang'ananinso m'mbali mwa bowolo ndi tochi. Mukaona timing'alu tochoka pabowo, dziwani kuti wina anamangitsa nati mopitirira, ndipo chomatira chilichonse chingokuchedwetsani kugula sinki ina.

Finyani silikoni mozungulira kunsi kwa mlomo wa sefa, mzere umodzi wosadukiza, wonenepa mamilimita 5 kapena 6. Khazikani sefa pabowo, ikanikizeni molunjika osaipotoza. Pansi pa sinki pamayamba gasiketi ya labala, kenako mkombero wopyapyala wooneka ngati katoni, nati pomaliza. Mkombero umenewu ambiri amautaya poyesa kuti ndi chokutira chabe, chonsecho ndi umene umalola nati kuzungulira osakwinya labala. Wina agwire sefa pamwamba kuti isazungulire, inu mumange ndi manja mpaka pathine, kenako muwonjezere ndi spana pafupifupi kota ya kuzungulira kumodzi. Silikoni atuluke mofanana mbali zonse. Pakakhala pena posatuluka, chotsani muyambirenso. Wotulukayo pukutani nthawi yomweyo asanachite khungu. Pa gasiketi ya labala musapakepo silikoni, imaterereka n'kutumphukira kumbali.

Kuipa kwa silikoni kulipo kuwiri, ndipo sikochepa. Koyamba ndi kudikira: maola 24 osathira madzi komanso osayendetsa galimoto, ndipo kukakhala kozizira kapena kouma kwambiri amachedwa kuposa pamenepo, poti amauma ndi chinyezi cha mumpweya. Kwa munthu amene ali pakati pa ulendo, tsiku lathunthu lopanda sinki ndi nkhani yaikulu. Kwachiwiri, tsiku limene mudzafune kusintha sefa mudzavutika kuimatula, mwina mpaka kudutsa kawaya kopyapyala kunsi kwa mlomo wake. Komabe kuvutika kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kabati yowola. Makabati ambiri a m'makalavani ndi a matabwa a utuchi wopanikiza, amene akamwa madzi amafufuma osabwereranso.

Maola 24 aja akatha, bwerezani kuyesa ndi tishu sinki ili yodzaza, kenako tsegulani madzi onse apite nthawi imodzi muone mapaipi. Mukayenda ulendo woyamba wautali, gwiraninso manati onse a pansi pa sinki, makamaka a paipi yokhota, chifukwa amenewo amamasuka ngakhale sefa itamatidwa bwino.