Chiarabu cha kukhitchini sichidzakutetezani ku Oman

Azichemwali amene mwasunga mapasipoti kudikira ulendo wokagwira ntchito za m'nyumba ku Muscat, likulu la dziko la Oman, musakhulupirire zoti chilankhulo mukachidziwa mukangofika. Ajenti amene ananditumiza kuchokera ku Lilongwe anandilipiritsa K250,000 yomwe ankati ndi ya maphunziro a Chiarabu, koma chimene ndinalandira ndi pepala limodzi la malonje. Anandilonjeza ma rial (ndalama za ku Oman) 150 pamwezi, bwana ankandipatsa 90, ndipo nditafunsa za yotsalayo anangoti "mafi fulus", ndalama palibe.

Chimene wantchito amaphunzira kuno si Chiarabu cha m'mabuku kapena cha eni dziko. Ndi chilankhulo chodukaduka chimene chinabadwa pakati pa mabwana ndi antchito ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi mayiko ena, chosakanikirana ndi Chiurdu komanso Chingerezi. Chimakwana pokutuma kuti usese, uchape ndi kunyamula mwana, koma ukafuna kufotokoza matenda kuchipatala kapena kudandaula kupolisi, mawu amakuthera.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi ana ophunzira a m'nyumbamo. Mwana wamkazi wa bwana, yemwe anali pa yunivesite, ankabwera ndi anzake, ndipo pamene ndikuwathirira khofi ndi kuwaikira zipatso za tende ankanditsanzira kuti "ana mafi malum", ine sindikudziwa, n'kumaseka. Maganizo awo ndi akuti ife antchito tikuwononga chilankhulo cha Korani ndi kupotoza lilime la ana aang'ono amene timalera. Komatu iwo omwewo, akatembenukira kwa ine, sankalankhula china koma chodukadukacho, ngakhale nditawapempha kuti andiphunzitse cholondola. Mnzake mmodzi yekha ndiye ankawatsutsa kuti popanda chilankhulochi palibe chingayende pamsika kapena pamalo omanga nyumba, koma nayenso sanandiphunzitse chilembo n'chimodzi chomwe. Motero munthu umakhala zaka m'nyumba ya Aarabu ukumveka ngati mwana wosadziwa kanthu, ndipo amakutenga choncho.

Woona mtima ndinamupeza mmodzi, mayi wina wa ku ofesi ya maajenti amene makolo ake anachokera ku Zanzibar, monga zilili ndi anthu ambiri a ku Oman olankhula Chiswahili. Iyeyu anandiwerengera mgwirizano wanga mzere ndi mzere popanda kundilipiritsa: zaka 2, ma rial 90, tsiku lopuma osalembedwa. Anandiuzanso mosabisa kuti mu dongosolo la kafala viza yanga ili m'manja mwa bwana, kuti kuchoka popanda chilolezo ndi mlandu wothawa, ndipo kuti bwanayo adzafuna ma rial 1,000 asanandimasule.

Inu amene mukulota nyumba ya malata poona zithunzi za pa Facebook, lekani kusaina pepala limene simungathe kuliwerenga. Funani mgwirizano wa m'Chingerezi mudakali kwanu, wina wosadya nawo ndalamazo akuwerengereni, ndipo ajenti akayamba kuzengereza, tengani pasipoti yanu mubwerere kunyumba.