Garmin Forerunner 55 patapita miyezi: yandithandiza bwanji pa half marathon yoyamba

Nditangoigula wotchiyi ndinalemba kuti ndi yopepuka (magalamu 37 okha) ndipo ndinkachita chidwi ndi manambala ambirimbiri omwe imatulutsa. Tsopano yadutsa nane m'chisanu cha Juni, m'fumbi ndi kutentha kwa Okutobala mpaka m'mvula, ndipo ndamaliza nayo half marathon yanga yoyamba kuno ku Lilongwe, makilomita 21.1. Manambala ambiri aja ndinasiya kuwayang'ana kalekale. Ntchito yaikulu yomwe yandigwirira ndi kundiletsa phuma.

Munthu woyamba kumene kuthamanga amadziwa liwiro limodzi lokha, lija lothamangira minibasi. Ukatuluka nalo m'mawa, pofika kilomita yachitatu uli wefuwefu, ndipo sabata isanathe mawondo ayamba kudandaula. Mu pulogalamu ya pafoni ya Garmin Connect muli gawo laulere lotchedwa Garmin Coach, momwe umasankha mtunda (makilomita 5, 10 kapena half marathon), tsiku la mpikisano ndi mphunzitsi. Ine ndinasankha Jeff Galloway, wa ku America yemwe anathamanga mamita 10,000 pa Olimpiki ya 1972 ku Munich, ndipo amadziwika ndi njira yosakaniza kuthamanga ndi kuyenda. Mfundo yake ndi yakuti uyambe kuyenda usanatope, osadikira kuti miyendo ikukakamize. Umaika nthawi mu wotchi, tinene mphindi imodzi yothamanga ndi masekondi 30 oyenda, kenako imanjenjemera padzanja nthawi yosinthana ikakwana.

Zimachititsa manyazi poyamba, ndisaname. Wangochoka pageti, thukuta silinatuluke n'komwe, iwe wayamba kale kuyenda, akabaza akukuyang'ana ngati wagonja. Koma phindu lake limaoneka pa mtunda wautali wa kumapeto kwa sabata. Ndinkafika kunyumba nditadutsa makilomita 15 ndikutha kulankhula bwinobwino, mawa lake n'kupita kuntchito osatsimphina. Pa tsiku la mpikisano ambiri anandipitirira pa makilomita asanu oyambirira. Ena mwa iwo ndinawapeza cha pa 17 atagwira m'chiuno, akukoka miyendo, ine ndikadali pa kanjenjemera kanga komweko. Wofuna kumaliza mu maola awiri ndi theka amangofunika pafupifupi mphindi 7 ndi masekondi 7 pa kilomita, ndipo ndi anthu ochepa oyamba kumene amene amakhulupirira kuti liwiro lotere ndi lodekha chonchi mpaka wotchi itawaonetsa.

Batire ndiye sindinganene zambiri koma kuyamika. Kampani imati imatha milungu iwiri ukamangoivala, kapena maola 20 GPS (yomwe imayeza mtunda ndi liwiro) ili yoyaka. Ndikamathamanga kangapo pa sabata ndimatchaja kamodzi sabata ikatha, ndipo magetsi akazima sindida nkhawa. GPS yake sidya bandulo. Intaneti imafunika pokhapokha potumiza zomwe wathamanga ku Garmin Connect ndi kulandira ntchito ya masiku otsatira. Ndiye foni ukhoza kuisiya kunyumba, chinthu chanzeru kwa ife otuluka m'bandakucha. Ilibe sikirini yogwira ndi chala, ili ndi mabatani asanu, ndipo zala zikanyowa ndi thukuta kapena mvula ndi pomwe umaona ubwino wa mabatani. Padzuwa lowala manambala amaoneka bwino kwambiri.

Pali zomwe ilibe, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanatulutse ndalama. Simungaikemo nyimbo. Mulibe mapu. Mulibenso kachipangizo koyezera kukwera ndi kutsika pogwiritsa ntchito mpweya, choncho zitunda imangoziyerekeza kuchokera ku GPS. Kuno kumene malo ambiri ndi athyathyathya sizivuta, koma wokonzekera mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, kapena wothamanga m'zitunda za Blantyre amene akufuna kudziwa bwino mamita omwe wakwera, aganizire kawiri.

Za kugunda kwa mtima, wotchi zambiri zoyezera padzanja zimagwiritsa ntchito kuwala kobiriwira pansi pake, ndipo lamba akakhala wokhwepa kapena m'mawa kukazizira manambala amatha kusokonekera. Mangani lambayo mothina pang'ono, pamwamba pa kafupa ka padzanja, ndipo muzitsuka mukabwerako chifukwa mchere wa thukuta umauma n'kusiya zoyera m'timabowo take. Ine ndimadalira kwambiri muyeso wakale uja: ngati sinditha kupereka moni ndi kuyankha popanda kubanika, ndiye kuti ndathamangitsa. Nambala yolosera nthawi yomwe ungamalizire mpikisano ndimangoiona ngati nkhambakamwa; imasinthasintha, ndipo sidziwa kuti tsikulo dzuwa lidzaomba bwanji.

Chinanso choti musadabwe nacho: pa mpikisano wotchi nthawi zambiri imaonetsa mtunda wopitirira 21.1. Oyeza njira amatsata mzere waufupi kwambiri m'makona, pomwe iwe umazemba anthu, kukhotera kotenga madzi, ndipo GPS nayonso imaphonya pang'onopang'ono. Tsono ikalira kuti wakwanitsa 21, musayambe kusangalala. Tsatirani zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Wotchiyi inatuluka mu 2021 pa mtengo wa pafupifupi madola 200, ndipo panopa pali zina zatsopano zoiposa, zomwe zikutanthauza kuti yogwiritsidwapo kale ntchito imapezeka motsikirapo kwa obwera kuchokera ku Joni kapena ku UK. Kwa woyamba kumene amene akungofuna kumaliza 21 ali bwinobwino, ndi yokwanira. Mukamagula yakale, tulukani nayo panja muone ngati ikugwira GPS, dinani mabatani onse asanu, ndipo musachoke opanda chingwe chake chotchajira, chifukwa cha foni sichilowa.